Pectin ya malambe ikutuluka msanga pa SEC: vuto lili pati?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sampulo ndi pectin (unyolo wautali wa shuga wopezeka m'zipatso) yochokera mu ufa wa malambe a kuno ku Salima. Ufawo unatenthetsedwa m'madzi a asidi, pH 2, madigiri 80, ola limodzi, kenako kusefa, kuthira ethanol, n'kuumitsa mu uvuni. Pa SEC (size-exclusion chromatography, njira yosiyanitsa mamolekyulu potengera kukula kwake) madzi oyendetsera ndi madzi oyera okha, kolamu ndi TSKgel GMPWXL, detector ndi RI (yoyeza kupindika kwa kuwala m'madzi otuluka m'kolamu), liwiro 0.5 mL pa mphindi. Chotuluka pa girafu ndi nsonga imodzi yosongoka kumayambiriro kwenikweni, patsogolo pa P-800, yaikulu kuposa zonse mwa ma pullulan, maunyolo a shuga odziwika kulemera amene timayerekezera nawo. Kompyuta ikuti kulemera kwa molekyulu kwadutsa 1,000,000. Kubaya kachiwiri, nsongayo yasuntha. Nambalayi ilembedwe?

Bambo Mwale: Isalembedwe, Nachisale. SEC siyeza kulemera. Imasiyanitsa mamolekyulu potengera malo amene akutenga m'madzi. Timikanda ta m'kolamu tili ndi timabowo: molekyulu yaing'ono imalowa kabowo kalikonse n'kuchedwa, yaikulu imangodutsa m'mbali n'kutuluka msanga. Tsono pectin ndi unyolo wa galacturonic acid, ndipo galacturonic acid aliyense wopanda methyl ali ndi chaji ya negative. M'madzi opanda mchere machajiwo amakankhana, unyolo umawongoka ngati ndodo, n'kuoneka waukulu kuposa mmene ulili. Timikanda tenitenito tilinso ndi chaji ya negative pang'ono, ndiye timaikana pectin kuti isalowe m'mabowo. Zazikulu ndi zazing'ono zomwe zimatulukira pamodzi pa void volume, pamene kolamu sisiyanitsa kanthu. Konzani 0.1 M NaNO3, amenewo ndi magalamu 8.5 pa lita, musefe pa 0.22 µm, muchotse mpweya, muyendetse mpaka baseline, mzere wa detector popanda sampulo, igone. Sampulo muisungunule m'madzi omwewo, 1 mg pa mL.

Nachisale: Zikomo bambo. NaCl sangagwire? Ndi amene amapezeka msanga.

Bambo Mwale: Pophimba chaji amagwira chimodzimodzi. Koma chloride amadya chitsulo cha pampu ndi timapaipi, makamaka makina akaima mcherewo uli m'kati. Mukakakamizika, tsukani ndi madzi oyera tsiku lomwelo musanazimitse.

Mayi Phiri: Ndikugwirizana ndi a Mwale, koma mchere wokha sungathetse zonse. Ndaona zinthu ziwiri m'kakonzedweko.

Ufa wa malambe uli ndi calcium wambiri. Pectin yokhala ndi methyl wochepa ikakumana ndi calcium, maunyolo awiri kapena atatu amamatirirana, ndipo kolamu imawaona ngati molekyulu imodzi. Kusuntha kwa nsonga kuja mwina n'kumeneko, poti zomatirirana zimasintha sampulo ikamakhalitsa m'botolo. Mukathira ethanol, pectin imaundana ngati mamina oyera akuyandama, mungathe kuikola ndi kandodo ka galasi. Musathamangire kuumitsa. Itsukeni kaye ndi ethanol wa 70% wothira HCl pang'ono kuti calcium achoke, kenako ethanol wa 70% yekha kangapo mpaka dontho la silver nitrate lisiye kuyeretsa madzi otsukirawo. Njira ina ndi kuika EDTA (mankhwala ogwira calcium) pang'ono, 5 mM, posungunula.

Chachiwiri ndi uvuni. Polysaccharide (unyolo wautali wa shuga, monga pectin) youma ndi moto imakhala gwa ngati chikopa, ndipo siisungunuka yonse. Zotsalazo zimagwidwa pa sefa, inu n'kuyeza gawo lokha lomwe lalola kusungunuka. Freeze dryer ikasowa, tsukani ndi ethanol wa 95%, kenako acetone, muumitse osadutsa madigiri 40. Imatuluka yopepuka ngati thonje.

Achimwene Jere: Funso lapambali, amayi. Ethanol athire wochuluka bwanji? Ena amalemba magawo atatu, ena anayi.

Mayi Phiri: Werengerani. Magawo anayi a ethanol wa 95% pa gawo limodzi la sampulo amapereka 76%. Magawo atatu amapereka 71%. Pectin yaikulu imagwa ngakhale pa 60%, koma maunyolo afupiafupi amafuna 75 mpaka 80. Siyani mufiriji usiku wonse. Ndipo kachasu asabwere m'maganizo mwa aliyense, madzi ake ndi ochuluka, simungafike pa nambala zimenezi.

Aphunzitsi Kamanga: Ine nkhawa yanga ili pa pullulan. Ngakhale mchere ndi calcium zitakonzedwa, nambala ya kompyuta idzakhalabe yobwereka. Pullulan ndi unyolo wofewa, umadzikulunga ngati ulusi wa m'thumba. Pectin ndi youma msana. Pa kulemera kofanana pectin imatenga malo aakulu, imatuluka msanga, ndipo mzere woyerekezera wa pullulan umaipatsa kulemera kokokomeza, nthawi zina kuwirikiza kangapo. Amylopectin, gawo lanthambi la sitachi, zake n'zosiyana: nthambi zambiri zimaipanikiza, ndiye mzere womwewo umaichepetsa. Polemba, nenani poyera kuti Mw yanu, avereji ya kulemera kwa mamolekyulu, ndi yoyerekeza ndi pullulan. Chofuna nambala yeniyeni ndi MALS, yoika pakati pa kolamu ndi RI. Imayeza kuwala komwazika pa ngodya zambiri, siifuna mzere wa standard, koma imafuna dn/dc yolondola, nambala yosonyeza mmene RI imasinthira ndi kuchuluka kwa sampulo m'madzi. Ma polysaccharide ambiri m'madzi amakhala pakati pa 0.14 ndi 0.15 mL pa galamu. Mu DMSO, chosungunulira china chosakhala madzi, nambalayi imatsika kwambiri, choncho yam'madzi musaitengere kumeneko.

Bambo Mwale: Aphunzitsi, MALS musaikweze kwambiri. Imamva zazikulu mopitirira. Kafumbi kamodzi kapena zomatirirana zochepa zimene RI sikuziona n'komwe zimakweza Mw yonse. Mukaona nsonga yaikulu pa MALS kumayambiriro koma RI ili phee pamalo omwewo, zimenezo ndi zomatirirana, si pectin yanu.

Aphunzitsi Kamanga: Zoona. N'chifukwa chake mizere iwiriyo iziyang'aniridwa pamodzi. Ndiwonjezerepo china chimene ambiri amadumpha: werengerani kuti mwa zimene mwabaya zatuluka zingati. Yerekezani kukula kwa nsonga ya RI ndi ya pullulan yodziwika kuchuluka kwake. Zikatuluka theka, theka linalo lili pa sefa kapena lamatirira m'kolamu, ndipo Mw/Mn (nambala yoonetsa kusiyana kwa kukula kwa maunyolo) imene mwapeza ikunena za theka lokha.

Nachisale: Baseline nayo sikhazikika. M'mawa ili bwino, ikamakwana 11 koloko yayamba kukwera.

Achimwene Jere: Kumeneko ndi kutentha kwa ku nyanja, achemwali. RI imamva ngakhale kusintha kochepa kwambiri. Chipinda chikamatentha kuchoka m'mawa kufika masana, mzere umatsatira. Uvuni wa kolamu ndi detector muziike pamwamba pa kutentha kwa chipinda, madigiri 40 onse awiri. Mukaika pa 30 mu October, makina alibe chochita poti sangathe kuziziritsa. Botolo la madzi lisakhale pawindo, fani isawombe timapaipi, ndipo reference cell, kachipinda ka madzi oyerekezera ka mu RI, muitsuke ndi madzi a tsiku limenelo. Magetsi akathima n'kuyakanso, ipatseni maola awiri musanabaye kanthu.

Madzi a mcherewo amameranso tizilombo msanga kukatentha. Ambiri amathira sodium azide 0.02%. Ameneyu ndi poizoni, akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo satayidwa m'sinki ya mapaipi a kopa kapena mtovu. Zotuluka m'kolamu zokhala ndi azide musazithire sulfuric acid mwachisawawa. Mukamuopa, konzani madzi atsopano masiku awiri alionse.

Nachisale: Ndamva. Nanga nsonga ikadzatuluka imodzi yokongola, ndinganene kuti pectin ndi yoyera?

Mayi Phiri: Ayi. Nsonga imodzi ikutanthauza kuti kukula n'kofanana, basi. Sitachi yotsalira kapena arabinogalactan ingabisale pansi pomwepo. Siyanitsani ndi chaji kaye. Longani kolamu yagalasi ndi DEAE-cellulose kapena DEAE-Sepharose (zili ndi chaji ya positive, zimagwira za negative), 2.6 cm m'mimba, 30 cm kutalika n'kokwanira. Ikani 100 mpaka 200 mg. Yambani ndi madzi, zopanda chaji zituluke. Kenako NaCl wa 0.1, 0.2, 0.3 ndi 0.5 M motsatana, aliyense kuwirikiza kawiri kapena katatu voliyumu ya kolamu. Tolani m'machubu a 5 mL.

Shuga saoneka pa UV, ndiye machubu muwayeze ndi phenol ndi sulfuric acid, njira ya Dubois ya 1956: 1 mL sampulo, 1 mL phenol wa 5%, 5 mL asidi wosasungunula. Asidiyo mumuthire molunjika pakati pa madzi, mwachangu, osati kumutsetsereza m'mbali mwa chubu, chifukwa kutentha kumene kumabuka ndi kumene kumabweretsa mtundu wa lalanje. Werengani pa 490 nm. Kaulusi kamodzi ka thonje kapena ka tishu kakagwera m'chubu, nako ndi shuga, chubucho chidzanama. Pa uronic acid, mashuga a asidi monga galacturonic acid, gwiritsani ntchito m-hydroxydiphenyl pa 520 nm. Yezaninso 280 nm kuti muone puloteni. Ikapezeka, njira ya Sevag, chloroform ndi butanol 4 kwa 1, kugwedeza n'kuchotsa kansalu koyera kapakati, kubwereza mpaka katasiya kuoneka. Imataya sampulo yambiri, musaichite ngati 280 ili pansi kale. Pomaliza dialysis yochotsa mchere, thumba la 3.5 kDa, mufiriji, kusintha madzi katatu kapena kanayi. Pa tebulo kunja kuno imawola isanathe.

Aphunzitsi Kamanga: Zikatero mwafika pa funso loti unyolowo wamangidwa ndi mashuga ati. Muyenera kuuphwanya. Njira yofala: 2 mg mu 1 mL ya TFA (trifluoroacetic acid) wa 2 M, chubu chotseka bwino chokhala ndi PTFE (Teflon) m'chivindikiro, madigiri 121, ola limodzi kapena awiri. TFA amakondedwa poti amauluka, mumamuchotsa ndi mpweya wa nitrogen, kuthira methanol n'kuumitsanso katatu. Koma pa pectin pali msampha. Mfundo ya pakati pa galacturonic acid ndi inzake ndi yolimba, TFA saimaliza. Mukawonjezera nthawi kuti muimalize, arabinose, amene anamasuka kalekale, wayamba kupsa. Zotsatira zake galacturonic acid amaoneka wochepa, rhamnose nayenso wochepa poti wamangika kwa iye. Chothandiza ndi methanolysis kaye, HCl wa 2 M mu methanol wouma, madigiri 80, maola 16, kenako TFA. Kapena kuyamba ndi enzyme ya pectinase asidi asanabwere. Mashuga a standard nawonso adutse moto womwewo kuti mudziwe aliyense watayika wochuluka bwanji.

Nachisale: Ndikaphwanya ndiyezere pa chiyani? Pomwe sampulo ikupita pali makina osiyanitsira awiri basi, HPLC ya UV (yoyendetsa ndi madzi) ndi GC (yoyendetsa ndi mpweya).

Bambo Mwale: HPLC ya UV ikukwanirani, kudzera pa mankhwala otchedwa PMP. Shuga mumamumata chizindikiro chooneka pa UV. Tengani 100 µL ya sampulo yophwanyidwa, 100 µL NaOH wa 0.3 M, 100 µL PMP wa 0.5 M mu methanol, madigiri 70 kwa mphindi 60. Ziziritsani, thirani 100 µL HCl wa 0.3 M, mutsuke ndi chloroform katatu kuchotsa PMP wotsala. Mukachita ulesi pa kutsukaku, nsonga ya PMP imakula n'kuphimba mashuga oyamba kutuluka. Kolamu ya C18, phosphate buffer 0.1 M pH 6.7 ndi acetonitrile 83 kwa 17, pa 245 nm. Ubwino wake uronic acid ndi mashuga wamba amaoneka ulendo umodzi. Fructose yekha ndiye samatika bwino. Acetonitrile ikasintha ndi 1% yokha, xylose ndi arabinose amagundana, choncho muziyeza ndi silinda, osati ndi maso.

GC ya alditol acetate ndi yabwino pa mashuga wamba: NaBH4, kenako acetic anhydride ndi 1-methylimidazole, inositol ngati internal standard. Koma galacturonic acid saoneka konse pokhapokha carboxyl itasinthidwa kaye. Munthu angakupatseni pepala lokongola la arabinose, galactose ndi xylose, msana weniweni wa pectin mulibemo.

Mayi Phiri: Kumene kuli HPAEC-PAD n'kosavuta kuposa zonsezi, poti palibe kumata chizindikiro. Pa pH yodutsa 12 shuga amakhala ndi chaji pang'ono, kolamu ya CarboPac PA1 imamugwira, electrode yagolide imamuwerenga. Mdani wake ndi carbonate. NaOH wa timibulu amakhala atamwa kale mpweya wa carbon dioxide, choncho gwiritsani ntchito wamadzi wa 50%, kutunga pakati pa botolo osagwedeza, madzi a 18.2 MΩ, botolo lili pansi pa nitrogen kapena helium. Carbonate akalowa, nsonga zimabwera msanga tsiku ndi tsiku mpaka zitaunjikana. Xylose ndi mannose amavuta kulekana pa NaOH wa 16 mpaka 18 mM. Tsitsani kufika 1 kapena 2 mM, muonjezere NaOH wamphamvu kuseri kwa kolamu kuti detector imve. Uronic acid satuluka popanda sodium acetate.

Achimwene Jere: Poti tili pomwepa, ndiponyemo za nzimbe, kuno ku Dwangwa nkhani yake ndi imeneyo. Nzimbe zikadulidwa n'kugona m'munda kukutentha, bakiteriya wa Leuconostoc mesenteroides amasandutsa sucrose kukhala dextran. Madzi amalemera, makhiristo a shuga amatalika ngati singano, ndipo polarimeter, makina oyezera shuga ndi kuwala, imanama poti dextran imatembenuza kuwala pafupifupi katatu kuposa sucrose. Haze method, yoyeza kuchita mbuu kwa madzi ukathira ethanol, imangoona dextran yaikulu. Funso langa: ndingatsimikize bwanji kuti zomwe zagwa mu ethanol ndi dextran, si sitachi ya nzimbe? Zonse ndi glucose yekhayekha.

Aphunzitsi Kamanga: Apo TFA ndi PMP sizingakuthandizeni, achimwene, zonse zidzati glucose. Kusiyana kuli pa polumikizira. Njira yachidule ndi enzyme: gawani sampulo patatu, ina amylase, ina dextranase, ina osathira kanthu, mubaye zonse pa SEC. Nsonga imene yasowa yadziulula yokha.

Yozama ndi methylation. Njira ya Hakomori inatuluka mu 1964, koma masiku ano ambiri amatsata ya Ciucanu ndi Kerek ya 1984. Sampulo youma bwino, 1 kapena 2 mg, isungunuke mu DMSO wouma. Thirani NaOH wopera, kenako methyl iodide. OH iliyonse yomasuka imavala methyl, yomangidwa simavala. Chotsani ndi dichloromethane, phwanyani ndi TFA, thirani NaBD4, kenako acetylation, ndiye GC-MS, GC yolumikizidwa ku MS yoyeza kulemera kwa zidutswa za molekyulu. Pomwe panali mfundo tsopano pali acetyl. Glucose wa methyl pa kaboni 2, 3 ndi 6 anali womangidwa 1→4, imeneyo ndi sitachi. Wa methyl pa 2, 3 ndi 4 anali 1→6, imeneyo ndi dextran. Wa 2, 3, 4, 6 ndi wakumapeto kwa unyolo. Wa methyl awiri okha ndi pamphanda: 2 ndi 3 mu amylopectin, 2 ndi 4 pa nthambi ya 1→3 ya dextran. Deuterium ija ntchito yake ndi kuika chizindikiro pa kaboni woyamba kuti MS idziwe mutu ndi mchira.

Dziyeseni motere: akumapeto ndi apamphanda ayenera kufanana pafupifupi, poti nthambi iliyonse ili ndi mapeto ake. Apamphanda akachuluka, methylation sinamalize, ndipo OH zotsala zikunamizira nthambi. Akumapeto akachepa, mwina anauluka poumitsa, choncho musadutse madigiri 40. Kuti alpha kapena beta, methylation sinena. Zimenezo ndi za NMR, makina ena oona kamangidwe ka molekyulu ndi maginito.

Bambo Mwale: Chenjezo la kuno kwathu pa methyl iodide: amawira pa madigiri 42, dichloromethane pa 40. Masana a October ku Salima mwatsala pang'ono kufikapo. Botolo lichoke mufiriji, chubu chikhale mu ayezi pothira, ndipo zonse zichitike mu fume hood, poti methyl iodide ndi poizoni woopsa. Mukathira m'chubu chofunda theka lauluka, ndiye methylation yosamaliza ija. Nachisale, pectin yanu isalowe mu NaOH ameneyu carboxyl isanasinthidwe ndi carbodiimide ndi NaBD4. Ikalowa ili ndi methyl ester, alkali amaidula ndi beta-elimination, mudzayeza zidutswa.

Achimwene Jere: Zikomo. Chondiseketsa n'choti Sephadex, timikanda tolonga m'makolamu osiyanitsa kukula, imene Porath ndi Flodin anailengeza mu 1959 ku Uppsala, ndi dextran yomweyi yolukidwa. Chimene fakitale ikulira nacho ndi chimene labotale ikugula modula.

Nachisale: Ntchito yotsatira ndi sitachi ya chinangwa cha ku Nkhotakota, kuyerekeza mitundu iwiri, Mbundumali ndi Gomani. Ndigwiritse ntchito kolamu yomweyi ndi nitrate?

Mayi Phiri: Ayi, sitachi ili ndi mavuto ake. Choyamba musatenge ufa wa kondowole. Chinangwa choviika chadutsa m'kuwira, asidi ndi ma enzyme achikhudza kale. Tengani chokumba tsiku lomwelo, poti chimayamba kuda mizere pakangotha masiku awiri kapena atatu. Senda, pala, sefa pa nsalu, dikha, tsuka kangapo, umitsa pa 40.

Kusungunula ndiye nkhondo. M'madzi otentha mumaona ngati yasungunuka, koma muli zikhungwa za timbewu ta sitachi zotupa, ndipo ikazizira amylose, gawo lowongoka la sitachi, imabwererana. Chodalirika ndi DMSO wokhala ndi LiBr 0.5%, madigiri 80, usiku wonse, kugwedeza pang'onopang'ono, ndi kolamu yopangidwira DMSO, monga GRAM. Osaika pa vortex, osaika pa sonicator. Amylopectin ndi yaikulu zedi, 10^7 mpaka 10^9, imaduka ngakhale podutsa m'timikanda ta kolamu, ndiye liwiro litsike kufika 0.3 mL pa mphindi. Nambala yake ya Mw muitenge mosamala ngakhale zonse zitayenda bwino.

Aphunzitsi Kamanga: Poyerekeza mitundu iwiri, ine ndingasiye molekyulu yathunthu n'kuyang'ana nthambi. Isoamylase imadula mfundo za 1→6 zokha, zomwe ndi pafupifupi 5 pa 100 zilizonse mu amylopectin. Acetate buffer pH 3.5 mpaka 4, madigiri 37 mpaka 40, maola angapo, kenako kuwiritsa kuti enzyme ife. Zotsala ndi maunyolo owongoka. Pa SEC mudzaona nsonga ziwiri za nthambi za amylopectin, ndi phiri lotambalala la amylose, lomwe pa chinangwa limakhala pafupifupi 17 mpaka 20%. Pa HPAEC, CarboPac PA100 kapena PA200, NaOH 150 mM ndi acetate wokwera kufika 500 mM, unyolo uliwonse umatuluka pawokha ngati mano a chipeso: DP (chiwerengero cha glucose pa unyolo) 6 mpaka 12, 13 mpaka 24, 25 mpaka 36, ndi 37 kupita m'tsogolo. Nthambi zazifupi zikachuluka, sitachi imapsa pa moto wochepa ndipo imachedwa kulimba ikazizira. PAD simva maunyolo aatali mofanana ndi aafupi, choncho kukula kwa nsonga si kuchuluka kwenikweni. Mitundu iwiriyo ibayidwe tsiku limodzi, motsatizana.

Nachisale: Ikadulidwa nthambi ndingaisunge mufiriji mpaka tsiku lobaya?

Mayi Phiri: Imeneyo ayi. Maunyolo owongoka amagwirana msanga akazizira, chubu chimachita mbuu pansi, ndipo aatali ndi amene amayamba kugwa. Bayani m'maola ochepa chikadali chofunda, kapena muumitse pa freeze dryer nthawi yomweyo. DMSO nayenso amaundana pa madigiri 18 kapena 19, ndiye thireyi ya autosampler muizimitse kuzizira.